Mawu amene anawatsalira ndi "chabwino" basi, ndiye kuti avomera?

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi 2 koloko usiku. Ndangomaliza kuwatembenuza amuna anga kuti asatuluke zilonda za pabedi, ndiye tulo tandithawa. Loweruka lino alamu anga aitanitsa msonkhano wa banja, ndipo ati ndikafike ndi yankho m'manja.

Ndine mayi wa zaka 46, ndimagulitsa mtedza ndi nyemba pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Amuna angawa anadwala sitiroko chaka chatha nthawi yokolola. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka. Adokotala atawajambula m'mutu anati magazi anaundana n'kutseka mtsempha kumanzere kwa ubongo, kumene kumachokera mawu. Munthu amene ankaimitsa msika wonse ndi nthabwala lero anatsala ndi liwu limodzi lokha: "chabwino." Mukawafunsa ngati adye, chabwino. Mukawaponda chala, chabwino, koma misozi ili chuchuchu.

Alamu anga aakulu amakhala ku Lusaka. Anapeza munthu pa Facebook amene amatumiza odwala ku chipatala china ku India kukabayidwa zimene akuti ma stem cell. Akuti ndi maselo osakhwima amene angasanduke maselo a mtundu wina, ndiye akawabaya m'msana amakafika ku ubongo n'kukonza pamene panafa. Ananditumizira mavidiyo a anthu akutaya ndodo, akuvina. Ndisaname, ndinalira nditaona. Ndani sangafune?

Koma mtengo wake, azakhali. Pafunika tigulitse ng'ombe zonse 6 zimene zili kumudzi, kanyumba ka lendi ka ku Mchini, ndi puloti imene ndinagula ndekha ndi ndalama za chilimba. Za ng'ombe alamuwo akuti ndilibepo mawu, iwo ndi Angoni, ng'ombe ndi za kwa bambo awo. Nanga puloti yangayo ndi ya Angoninso? Ndipo poti ndalowa kale, ndinene izinso. Mlongo wawo amene akufuula kwambiri pa gulu la WhatsApp kuti ine ndikukonda chuma kuposa moyo wa munthu, chiyambire matendawa wabwera kawiri. Ulendo woyamba anabweretsa shuga paketi imodzi ndi sopo, n'kudzijambula atagwira dzanja la wodwala kuti onse aone. Wachiwiri anadzadya nkhuku imene ndinaphera wodwala, n'kudandaula kuti m'chipinda mukununkha. Sanagwireko beseni ngakhale kamodzi. Amene ndimachapa zofunda m'mawa uliwonse ndine, amene ndimawakweza pa njinga kupita ku mafizo ndine.

Mwana wanga wamkazi akuphunzira unamwino, ndiye ndinam'patsa pepala lachingerezi limene munthu uja anatumiza. Anakhala nalo usiku wonse. M'mawa anandiuza kuti amayi, nkhani ya maselowa si bodza lonse ayi. Anati kusintha mafuta a m'mafupa kwa odwala khansa ya m'magazi ndi maselo omwewa, ndipo madokotala akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Anati ku Japan kuli katswiri dzina lake Shinya Yamanaka amene mu 2006 anapeza njira yobwezera maselo okhwima kuti akhalenso ngati akhanda, analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2012. Mu 2018 madokotala a ku yunivesite ya Kyoto anayamba kuyesa maselo otere mu ubongo wa anthu odwala matenda onjenjemera a Parkinson, koma anali anthu 7 okha, osankhidwa bwinobwino, n'kumawayang'anira zaka. Za sitiroko akuti akali kuyesa, palibe pamene zinatsimikizika kuti zimadzutsa dzanja lakufa kapena kubweza mawu. Ndiye anandifunsa kuti, ngati akatswiri enieni akali kuyesa pa anthu owerengeka, uyu wa pa Facebook watenga kuti chitsimikizo choti alipiritse aliyense?

Chimene chinandizizira m'nkhongono ndi nkhani ya bambo wina wa ku America, imene inatuluka mu 2016. Nayenso anali ndi sitiroko, anapita ku Mexico, China ndi Argentina kukabayitsa maselo. Pambuyo pake m'msana mwake munamera chotupa, ndipo atachipima anapeza kuti chinachokera ku maselo a munthu wina, osati ake. Anabwerako ali woipirapo. Papepala lathu lijanso, pansi penipeni, analemba kuti salonjeza kuchira ndipo ndalama sabweza. Salemba kuti maselowo achokera kwa ndani. Ine ndine Mkatolika. Ndikudziwa kuti mpingo sukana maselo otengedwa m'thupi la munthu wamkulu kapena ku mchombo wa mwana wobadwa kale, koma umakana ochokera ku mluza umene wawonongedwa. Nditafunsa pa foni, munthu uja anangoti, "Amayi, musadandaule, ndi za bwino kwambiri, fulumirani malo atsala ochepa."

Ndinawafotokozera alamu zonsezi. Anati mwana wanga sanamalize n'komwe sukulu. Kenako anakhala pambali pa bedi n'kufunsa mng'ono wawo, "Achimwene, tipite nanu ku India mukachire?" Iwo anati, "Chabwino." Alamu anatembenukira kwa ine: "Mwamva nokha, mwini wake wavomera." Akufuna adinde chala pa pepala Loweruka. Azakhali, munthu ameneyu amati chabwino ngakhale kwa nkhuku ikalowa m'nyumba. Komanso amamva, ndikudziwa kuti amamva, chifukwa ndikatchula za fizi ya ana amatembenukira kukhoma. Mwina akufunadi kupita. Ndine ndani ine kuti ndiwakanize?

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Usiku umene anagwa tinali titakangana, nkhani yake sindilemba pano, imakhudza munthu wina. Anafika mochedwa, lilime likulemera, akudzandira, ine ndinati ndi mowa. Ndinawasiya pa mpando pabalaza n'kukhoma chitseko chakuchipinda. Ndinawapeza m'mamawa ali pansi. Tsiku lina mwana wanga akuwerenga za mayeso anangotchula kuti pali mankhwala osungunula magazi oundana amene amafunika kuperekedwa maola 4 ndi theka asanathe. Iye sadziwa chimene anandibaya nacho. Koma nanenso ndikanadziwa bwanji? Si kamodzi kapena kawiri anabwera chomwecho. Mankhwala a BP anasiya okha, ndinawalankhula mpaka kutopa. Komabe chitseko ndinakhoma ndine.

Ndiye ndikati ndikane, mtima umandiuza kuti wawatsekera kachiwiri. Ndikati ndivomere, ndimaona ana atatu amene akali pasukulu, ndi ine ndikubwerako ku bwalo la ndege ndi munthu yemweyo pa wilicheya, mwinanso ndi chotupa, kopanda nyumba yotolera lendi. Ku mafizo akuti akuyesetsa. Mwezi watha anaima okha atagwira tebulo, ndipo dzana anagwira supuni ndi dzanja lamanzere osataya phala. Ndi zochepa, ndikudziwa, si zovina za mu vidiyo. Ndalama ya ng'ombe imodzi yokha ikanatilipirira mafizo nthawi yaitali, koma ndikanena zimenezi amati ndafuna kudya ng'ombe.

Ndithandizeni. Amene ayenera kuyankhira munthu wosalankhula ndani, mkazi wake kapena abale ake? Pali njira yofunsira munthu wotere kuti tidziwe zenizeni za mumtima mwake, osati liwu limodzi lija? Ndipemphe adokotala kapena abambo mfumu kuti adzakhalepo Loweruka, kapena ndiye kuti ndawanyoza akuchimuna? Akagulitsa ng'ombe zawozo ine n'kukaniza puloti yanga, ndalakwa? Ndipo za chitseko zija ndiulule asanamve kwa mwana wamng'ono, poti iye anali maso usiku umenewo?

Akutsokomola, ndikawaone.

Mayi wothedwa nzeru,
Chipata