Kalata kwa mnzanga: chinkamudya Lady Macbeth n'chiyani?

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti ntchito yatipanikiza. Unandifunsa mmene ndikuphunzitsira Macbeth, sewero la Shakespeare lija, chaka chino, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuyankhe bwinobwino.

Ana a sekondale savutika kuloweza kuti Macbeth anapha Mfumu Duncan, kenako n'kutuma anthu kukapha mnzake Banquo. Amaloweza, koma siziwakhudza. Amadzuka ukawafunsa zimene zinkachitika mumtima mwa munthuyo.

Tenga Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth. M'gawo lachiwiri, Duncan atangophedwa, amauza mwamuna wake kuti timadzi pang'ono tikwanira kuwayeretsa. Koma nthawi pang'ono m'mbuyomo, akulankhula yekha, anali ataulula kuti akanamupha ndi manja ake, koma nkhope ya Duncan ali m'tulo inafanana ndi ya bambo ake. Ana ambiri amawadumpha mawu amenewa, ndiye ndimawauza kuti awasunge. Tikafika gawo lachisanu, mayi yemwe uja akuyenda ali m'tulo, akupukuta manja opanda magazi, dokotala ndi mdzakazi akungomuyang'ana. Apa m'pamene ndimafunsa: kulimba mtima kuja kunali kwenikweni, kapena ankangodzikakamiza? Mtsikana wina wosalankhulalankhula anayankha kuti mayiyu anatsekera mantha ake m'chipinda, tulo n'kudzatsegula chitseko. Kalasi yonse inayamba kutsutsana, mpaka belu linalira tisanagwirizane.

Komabe njira imeneyi ili ndi msampha wake. Ana masiku ano amatola mayina a matenda a maganizo pa intaneti, ndiye amathamangira kumata dzina pa Hamlet kapena Othello, anthu a m'masewero ena a Shakespeare, n'kutseka buku ngati ntchito yatha. Ngakhale akuluakulu anachitapo zofanana: Ernest Jones, m'buku lake la mu 1949, anafotokoza kuzengereza kwa Hamlet kubwezera imfa ya bambo ake potsatira maganizo a Freud, katswiri wa za maganizo a anthu. Ndimawafotokozera zimenezi kuti aone kuti ndi maganizo amene angathe kuwatsutsa. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chimene wanena za mtima wa munthu wa m'sewero, undionetse mzere umene wachitenga. Hamlet sitingamuitane kuti timufunse mafunso. Tili ndi mawu ake okha ndi zimene anzake amanena za iye.

Teremu ikubwerayi ndiyamba Othello. Undilembere mmene iwe umafotokozera nsanje yake, makamaka chimene chimamuchititsa kukhulupirira mabodza a msilikali wake Iago msanga chonchija. Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.