Mtengo wa motorhome yakale suli pa mamailosi

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi abale athu okhala ku Britain amene ayamba kugula ndi kugulitsa ma motorhome, galimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi kumbuyo. Ambiri akumaziikira mtengo pongoona chaka ndi mamailosi, basi. Ogula ndi ogulitsa omwe akutayapo ndalama. Motorhome ndi vani kutsogolo, nyumba kumbuyo, ndipo ndalama zambiri zili m'nyumbamo.

Ma motorhome ambiri a ku Ulaya amamangidwa pa Fiat Ducato kapena pa Peugeot Boxer, zomwe ndi zapachibale. Injini zake za dizilo anazipangira ntchito yonyamula katundu tsiku lililonse, kotero ya zaka 10 yomwe yayenda mamailosi 40,000 sinatope n'komwe. Chimene chimaiwononga ndi kungokhala pabwalo: mabuleki amachita dzimbiri, mipira imauma, batire imafa. Wogulitsa akamadzitama kuti galimoto yake siinkayenda, musafulumire kumuwonjezera ndalama.

Poyambira ndi kupeza anzake ofanana nayo. Fufuzani pa Auto Trader, eBay ndi Facebook Marketplace mpaka mupeze asanu kapena asanu ndi imodzi a kampani yomweyo, mtundu womwewo, chaka chomwecho kapena chosiyana ndi chimodzi, giya yofanana, ndiponso mkati mokonzedwa chimodzimodzi. Za mkatizi musazinyozere: yokhala ndi bedi lokhazikika kumbuyo ili ndi ogula ake, yofunika kuyala mipando usiku uliwonse ilinso ndi ake. Werenganinso malamba a mipando. Pali zina zogona anthu 6 koma malamba 4 okha, ndipo banja la ana anayi silingaigule. Kumbukirani kuti mtengo wolembedwa pa malonda ndi umene mwini wake akulakalaka. Pa eBay pali posankha kuona zimene zinagulidwadi, ndipo manambala amenewo ndi oona kuposa ena onse. Yomwe yakhala pa malonda miyezi itatu osagulidwa yakuuzani kale kuti mtengo wake wakwera.

Mitengo yake ilipo itatu, musaisakanize. Wapamwamba ndi wa makampani ogulitsa galimoto, chifukwa amapereka waranti ndipo lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakulolani kubweza galimoto yavuto m'masiku 30. Wapakati ndi wa munthu wamba, kumene chitetezo chimenechi kulibe. Wotsika ndi umene ogulitsa galimoto angakupatseni akamagula kwa inu. Munthu wamba wofuna mtengo wa kwa ogulitsa galimoto akufuna ndalama ya waranti imene sakupereka.

Tsono chinyezi, chimene ndicho mwini nkhani. Makoma a ma motorhome ambiri akale ndi ophatikiza: kunja aluminiyamu kapena faibagalasi, pakati zotchingira kuzizira ndi timitengo, mkati pulayiwudi yopyapyala. Molumikizira monse amamatamo guluu wotseka madzi. Galimoto ikamayenda bodi imapindika pang'onopang'ono, guluu uja amauma n'kung'aluka, mvula ya ku Britain n'kupeza njira. Madziwo amakhala m'timitengo zaka, kuwoletsa mwakachetechete ngati chiswe mu phaso, kunja penti ikuwalabe. Pomwe banga likuoneka pa khoma, zamkati zinatha kale.

Musadalire mphuno yokha, ngakhale fungo la chuku kapena la perefyumu wothiridwa kumene ndi chenjezo. Pamafunika kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo pemphani kaye chilolezo chifukwa kena kali ndi timisomali tiwiri tobaya khoma. Yezani m'makona a denga, mozungulira zenera la padenga, pansi pa mazenera onse, mozungulira chitseko, m'kati mwa makabati a m'mwamba, pa bedi la pamwamba pa dalaivala, ndi pafupi ndi matayala akumbuyo. Okonza ma motorhome amawerenga motere: pansi pa 15 peresenti palibe vuto, kuyambira 15 mpaka 20 m'pofunika kuyang'anitsitsa, kupitirira 20 pakufunika kufufuza kumene madzi akuchokera, kuyambira 25 madzi akulowa ndithu, kupitirira 30 matabwa angakhale atayamba kuwola. Yendaninso pansi ponse mutavula nsapato. Pamene pakunyentchera kapena kulira, pulayiwudi yamatuka. Ngati chinyezi chili pa kona imodzi, tengani mtengo wokonzetsera wolembedwa ndi galaja, muuchotse wonse pa mtengo wa galimoto. Ngati chili mbali zitatu kapena kuposa, ife timati isiyeni, ngakhale akutsitsireni bwanji, chifukwa kukula kwa vutolo kumadziwika khoma litatsegulidwa kale.

N'chifukwa chake mapepala a habitation check, kuyendera nyumbayo kumene kumachitika chaka ndi chaka, ali ndi mtengo wawo. MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kumene boma limalamula, imaona mabuleki, magetsi ndi utsi. Za denga lodontha kapena gasi wotuluka siziikhudza. Makampani ambiri amapereka waranti ya kulowa kwa madzi ya zaka 6 kapena 10, koma chaka chimodzi chikadumphidwa osachita habitation check, warantiyo ikhoza kufa. Awiri ofanana, wina mapepala ake onse alipo wina alibe, sangakhale mtengo umodzi.

Kutsogolo kuli zochepa koma zodula. Injini ya 2.3 ya Ducato imayendera timing belt, ndipo lambayo amasinthidwa potengera zaka, kawirikawiri zisanu, ngakhale mamailosi ali ochepa. Akaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Popanda lisiti, werengani kuti sanasinthidwe. Ma Ducato oyamba a mtundu umene unatuluka mu 2006 ankadziwika ndi kunjenjemera pobwerera m'mbuyo pamtunda, zomwe zimadya kilachi, komanso madzi amvula otsikira pa injini kuchokera pansi pa galasi lakutsogolo. Yesani livesi pa chitunda, tsegulani boneti muone dzimbiri pamwamba pa injini. Matayala nawo amanyenga. Mano amaoneka atsopano koma m'mbali mwang'aluka ndi dzuwa. Manambala anayi omalizira pa chizindikiro cha DOT cha m'mbali mwa tayala ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Opitirira zaka 7 ndi osintha onse, ndipo oyenera ndi olembedwa CP kapena ena onyamula kulemera kofanana.

Kulemera kumasinthanso mtengo kuposa mmene ambiri amaganizira. Laisensi wamba ya B imalekezera pa makilogalamu 3,500. Kupitirira apo pamafunika C1, imene amene anakhoza mayeso isanafike 1 Januwale 1997 anaipeza yaulere, koma akakwanitsa zaka 70 amayenera kupimidwa ndi dokotala kuti aisunge. Choncho yolemera matani 4 ili ndi ogula ochepa, ndipo amacheperachepera chaka chilichonse. Ya 3,500 nayo ipititseni pa sikelo ya galimoto. Ikalemera 3,150 yopanda kanthu, mwatsala ndi 350. Akuluakulu awiri ndi 150, madzi malita 100 ndi makilogalamu 100, mabotolo awiri a gasi pafupifupi 30. Zotsala 70 ndi za zovala, chakudya, ana ndi njinga. Yotere ndi yokongola pa chithunzi koma paulendo mukhala mukuphwanya lamulo. Okhala ku London aonenso injini: ULEZ, ndondomeko yochepetsa utsi wa galimoto imene inafalikira mzinda wonse pa 29 Ogasiti 2023, imalipiritsa £12.50 patsiku dizilo yosafika pa mulingo wa utsi wa Euro 6.

Zipangizo za m'nyumba muziyese zonse, osangomva kuti zimagwira. Firiji yambiri imayendera zitatu, gasi, magetsi a 230V ndi batire ya 12V injini ikamalira, ndipo imachedwa kuzizira, choncho muuzeni mwini wake aiyatse dzulo lake. Hita ya Truma itenthetse madzi ndi mpweya womwe. Mpope wa madzi ukamangolira wokha mipopi ili yotseka, penapake pakudontha. Koma zowonjezera monga sola, chotchingira dzuwa cha m'mbali ndi ponyamulira njinga zimathandiza kugulitsa msanga, sizibweza ndalama zimene munazigulira. Ogulitsa izi zimawapweteka kumva.

Mapepala ndi achangu. Mbiri ya MOT ndi yaulere pa GOV.UK ndipo imaonetsa mamailosi a chaka chilichonse. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa V5C, pepala la kalembera wa galimoto. Lipirani HPI check kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole kapena inachitapo ngozi yaikulu. Vani yosinthidwa ndi munthu pakhomo musaiyerekeze ndi yopangidwa ndi makampani ngati Swift, Bailey kapena Hymer. Kuyambira 2019 a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, anakhwimitsa zolembetsa zotere ngati motor caravan, ndipo gasi ndi magetsi ake zikapanda satifiketi mtengo umagwa.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mwapeza zisanu ndi imodzi: zitatu kwa ogulitsa galimoto pakati pa £38,000 ndi £41,000, zitatu kwa anthu wamba pakati pa £34,000 ndi £37,000. Mukugula kwa munthu wamba, ndiye poyambira ndi pakati, £35,500. Galaja yati timing belt ndi £600, matayala anayi £600, batire ya m'nyumba £150, kukonza kona yonyowa £2,000. Zonse £3,350. Mtengo woyenera ndi £32,150, ndipo mukamatsitsana muli ndi pepala m'manja. Wogulitsa achite masamu omwewa asanaike malonda. Nyengo nayo ilowemo: kuyambira Malichi mpaka Juni ogula ndi ambiri, pamene mu Novembala eni ake amakhala atatopa ndi kulipira posungira. Amene anagula mu 2021, mitengo itakwera chifukwa cha Covid, asawerengere pa zimene analipira, msika sukuzikumbuka.

Kwa amene akuganiza zoitumiza kumudzi kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban, mtengo wa ku Britain si wa ku Lilongwe. Chiwongolero chili mbali yoyenera, inde, koma motorhome ya pa Ducato ndi yotsika, kumbuyo kwake ndi kwakutali kotero kumakhula pansi pa misewu yafumbi yopita kunyanja, ndipo masipeya a Fiat si opezeka ngati a Toyota Hiace. Funsani kaye msonkho ku MRA ndi mtengo wa sitima, muphatikize, kenako mufunse amene angadzaigule kumeneko pa ndalama imeneyo.

Owerenga anu okonza ma motorhome,
Leeds