Kwa eni shopu ina ya mankhwala otsukira mu Mzuzu: zomwe munatithirira m'chigubu ndi asidi

Bwana, dzina la shopu yanu sindilitchula pano, koma mudziwa kuti ndikunena inu. Mauthenga anga pa WhatsApp mukumawawerenga, timizere timasanduka tabuluu, yankho osabwera. Ndikafika kushopu anyamata anu amati mwapita ku Songwe kukalandira katundu. Ndiye ndaona kuti ndilembe pano pa Facebook kuti anzanga otsuka m'maloji, m'maofesi ndi m'nyumba za anthu muno mu Mzuzu amve nawo, poti ambirife timagula kwa inu.

Nkhani yake ndi ya chigubu cha malita 5 chimene munandigulitsa mwezi wathawu. Ndinabwera kudzafuna mankhwala amene ndimagula kwa inu nthawi zonse, a alkaline aja (mtundu wosemphana ndi asidi) ochotsa mafuta, obwera m'chigubu chomata cha kufakitale. Mtsikana wa pakauntala anati atha, koma alipo omwewo a m'diramu, mukuthirira anthu m'zigubu zanu, mtengo wakenso ndi wotsikirapo. Chigubucho chinalibe pepala lililonse, anangolembapo ndi cholembera cha maka kuti grout cleaner. Ndinafunsa, anthu ena ali pomwepo, kuti kodi mulibe asidi umu? Anati ayi achimwene, ndi omwe aja, kwasiyana chigubu chokha. Pa lisiti analemba dzina la mankhwala anga akale aja. Lisitilo ndili nalo.

Funso limenelo sindinafunse mongocheza. Anthu akatiitana kuti pansi pathimbirira, kawirikawiri vuto silikhala tailosi. Tailosi ndi yosalala, imayera ndi mopu basi. Chomwe chimadetsa nyumba ndi grout, simenti ija ya m'mipata ya matailosi. Imeneyi ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wosalala ndi utoto pang'ono, ndipo imamwa chilichonse chimene chaigwera. Madzi akuda a m'mopu amathera mmenemo chifukwa mzerewo ndi wotsikirapo kusiyana ndi tailosi. Kuno kwathu zimanyanya. Mvula imachedwa kuleka, ikangoti yatha kwabwera chifunga ndi kamvula kowaza ka mu June ndi July, mabafa sauma, nkhungu yakuda imamera m'mizere. Kuonjezera apo pali katondo amene timabwera naye kumapazi kuchokera ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, ndi polishi wa Cobra amene ena amapaka pa matailosi poganiza kuti n'chimodzimodzi ndi pa simenti. Mzere woyera umasanduka wofiirira, pena wakuda bii.

Litsiro lililonse lili ndi mankhwala ake. Mafuta a m'khitchini ndi polishi zimafuna alkaline: kuthira, kudikira mphindi 10 kapena 15 kuti alowerere, kukwecha ndi burashi ya nayiloni, osati ya waya, kenako kutsukuluza ndi madzi oyera n'kupukuta litsirolo lisanaumirenso. Nkhungu imafuna Jik wosungunula kapena ufa wa oxygen bleach. Asidi naye ali ndi ntchito yake, sindikukana. Timachotsera mchere woyera uja umatuluka m'mizere pakakhala chinyontho, dzimbiri, kapena simenti yotsalira amisiri akangomaliza kuyala. Koma amakhala wofooka, timayamba tanyowetsa grout ndi madzi kuti isamwe wambiri, ndipo timatsukuluza msangamsanga. Asidi sachapa simenti, amaidya. Mzere umaoneka woyera tsiku loyambalo kamba koti pamwamba pake pasungunuka, ndiye wosadziwa amati mankhwala awa ndi amphamvu bwanji.

Ntchito inali pa loji ina cha ku Luwinga: mabafa a m'zipinda, kolido ndi khitchini. Anyamata anga anasungunula monga timachitira masiku onse ndi mankhwala akale aja, n'kugawana zipinda, aliyense kuthira kuti alowerere. Amene anali m'kolido ndiye anakuwa kuti bwana tabwerani, mizere ikuchita thovu. Nditagwada ndinaona timathovu tikutuluka mumzere wonse, fungo lobaya m'mphuno. Kukanda ndi chikhadabo, grout inangokanuka, yasanduka mchenga wonyowa. Tinakhuthulira madzi ndowa ndi ndowa, n'kuwaza soda wophikira therere amene ophika a palojipo anatipatsa kuti aphe mphamvu ya asidiyo. Soda uja anawira pomwepo. Koma m'mabafa mankhwala anali atakhala kale mphindi zake zonse.

Pansi patauma m'pamene tinaona bwinobwino. Mizere yatsika, ina yachita maenje, ukasesa pakutuluka mchenga. Mipopi ya chrome imene inadonthereredwa yachita mawanga akuda osachoka. Tizitsulo ta pa dreni tagwira dzimbiri. Bafa lina mayi wokonza m'zipinda anali atakolopa ndi Jik m'mawa womwewo, ndipo mnyamata amene analowa mmenemo anatuluka akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Jik akakumana ndi asidi pamatuluka mpweya wa chlorine, womwe umawotcha m'mapapo. Mwayi wake zenera linali lotsegula.

Nditakupezani pa foni tsiku lomwelo, musanayambe kundizemba, munati mwina anyamata anga sanasungunule bwino. Bwana, madzi sasandutsa alkaline kukhala asidi, kaya uthire ochepa kaya ambiri. Ndinaviika m'chigubu chanucho kapepala koyezera pH, muyeso wosonyeza ngati mankhwala ndi asidi kapena alkaline. Madzi wamba amakhala cha pa 7, mankhwala anga akale amapitirira 10 ndipo kapepalako kamasanduka kabuluu. M'mankhwala anuwa kanafiira psuu, pafupi ndi 1. Asidi wamphamvu chotere ukamusungunula ka 10 amangosuntha ndi nambala imodzi, kuchoka pa 1 kufika pa 2, ndipo simenti amaidyabe. Fungo lake ndi la spirits of salts, hydrochloric acid uja amisiri amatsukira njerwa. Kaya diramuyo inabwera choncho kuchokera komwe munapikula, kaya anyamata anu anasokoneza madiramu kuseriko, mufufuze nokha. Ine amene anandigulitsa ndi inu.

Kukonza kwake n'kumene kwandipweteka. Grout yodyeka sibwerera ndi kutsuka, ndipo ukangomata yatsopano pamwamba sigwira, imayoyoka m'miyezi yochepa. Pamafunika kukumba mzere uliwonse ndi kachitsulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuya kwake, pang'onopang'ono kuti usabenthule m'mphepete mwa tailosi, munthu ali chogwada tsiku lonse. Ukatero uchotse fumbi lonse, uthire grout yatsopano, udikire maola 72 kuti iume, ndiye upake sealer yoti isamamwe madzi. M'nyengo yozizira ya kuno kuumako kumachedwanso. Nthawi yonseyo zipinda n'zotseka, eni loji akubweza alendo. Grout, sealer ndi mipopi yatsopano ndagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, anyamata ndawalipira, ya ntchito yoyambayo sindinalandire, ndipo eni ake sindingawadzudzule. Mzuzu ndi tawuni yaing'ono, mamanijala a maloji amadziwana onse. Loji ina imene tinagwirizana kale yandiuza kuti tidikire kaye.

Chimene chandilembetsa kwenikweni n'choti Loweruka lapitali ndinapeza zigubu zomwezo zikadali pashelefu, mankhwala ena mwathirira m'timabotolo ta madzi akumwa ta theka la lita kuti amayi a m'makomo akwanitse kugula. Palibe pepala, palibe chenjezo loti avale magolovesi, palibe zoti asasakanize ndi Jik. Ndi nyumba iti mu Chibavi kapena mu Chiputula yomwe m'bafa mulibe Jik? Nanga kabotolo ka madzi kakakhala pansi pa sinki, mwana wongoyamba kuyenda adziwa bwanji kuti si madzi?

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, ndipo a Competition and Fair Trading Commission (CFTC) amalandira madandaulo a katundu wogulitsidwa ndi dzina lomwe si lake. A Malawi Bureau of Standards (MBS) ali ndi labu yoyezera zinthu zotere. Sindinapiteko chifukwa ndagula kwa inu kuyambira ndili ndi ndowa imodzi ndi burashi, ndipo zikavuta mumandikongoza katundu, zimenezo sindinaiwale. Chotsani zigubu ndi timabotolo timeneti pashelefu lero lomwe, muimbire onse amene munawagulitsa omwe manambala awo muli nawo, kenako tikhale pansi ndi malisiti a zomwe ndawononga pokonza lojiyo. Mukafuna kuona ndi maso anu, eni loji alola kuti bafa limodzi tilisiye mmene lilili kufikira Lachisanu. M'chigubu muja mwatsala mankhwala opitirira theka, ndachitseka bwino. Likadutsa Lachisanu musanabwere, ndipita nacho kwa a MBS ndi a CFTC.