Tikukonza boti loloza ku St Helena

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Monkey Bay, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Cape Town ndili bwino, kungoti manja achita zikang'a ndi zingwe. Mwakhala mukundiseka kuti "tinyamuka" wanga satha. Imvani ndikuuzeni chikutichedwetsa.

Tikufuna kupita ku chilumba cha St Helena, mtunda woposa makilomita 3,000 kuchokera pano, kenako tiwolokere ku Salvador ku Brazil. Gawo loyambalo lokha ndi pafupifupi masabata awiri pa boti la matanga ngati lathuli. Anthu amanyamuka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, chifukwa nthawi imeneyo mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imakhala itakhazikika, imangokukankha kumsana. Ngakhale mpikisano wa maboti wa Cape to Rio, umene unayamba mu 1971, umanyamuka nyengo yomweyi. Kwanuko mwera ukavuta mumathawira kugombe n'kudikira ugwe. Kuno mukatalikira gombe la Namibia kothawira kulibe, sitolo kulibe, helikopita sifikako. Chimene mwaiwala padoko mwachiiwaliratu.

Tinayambira pamlongoti. Anandikhazika pa kampando kansalu, anzanga n'kundikoka ndi chingwe mpaka pamwamba. Mlongoti umaimikidwa ndi mawaya achitsulo, ndipo waya sakonda kuduka pakati, amaduka pamene walowa m'chomangira chake. Ndiye umapukuta pamenepo n'kuyang'anitsitsa ngati pali dzimbiri kapena kamng'alu kakang'ono zedi. Makampani ambiri a inshuwalansi sakondwa ndi mawaya opitirira zaka 10, choncho akaputeni anasintha onse, akudandaula za ndalama tsiku lonse.

Anthu akamva za nyanja yamchere amaganiza za namondwe. Njira yathuyi si ya namondwe kwenikweni. Chimene chimawononga boti ndi kukwechesana kwa zinthu. Mphepo ikakhala kumbuyo boti limapendekera uku ndi uku usana ndi usiku, ndipo chingwe chikamakhudza chitsulo pamalo amodzimodzi, m'masiku ochepa chatha. Tadula payipi yamadzi m'tizidutswa n'kuveka zingwe paliponse pamene zikukhudza. Tamanganso chingwe chogwira mtanda wa kunsi kwa thanga lalikulu, chifukwa mphepo ikangoutembenuza mwadzidzidzi, mtandawo umasesa aliyense amene waimirira. Ntchito yake ndi yosaoneka, mlendo akabwera amati tangokhala, koma ine ndimaiona yoposa zida zodula zimene eni maboti amakonda kuonetsana.

Pansi pa boti pali mabowo olowetsa madzi oziziritsa injini ndi otulutsira a m'chimbudzi. Bowo lililonse lili ndi mpopi wotsekera, ndipo pambali pake tamangirira chitsekero chamtengo chosongoka, kuti mpopi ukathyoka munthu asayambe kufunafuna madzi ali m'mawondo. Thanki ya dizilo tinaitsuka, chifukwa zinyalala zimene zimagona pansi boti lili padoko zimavunduka pa mafunde n'kutseka sefa.

Madzi akumwa timawerengera malita osachepera 3 munthu mmodzi patsiku, kupatula ophikira. Tili ndi makina ochotsa mchere m'madzi, koma akaputeni amawerengera ngati kulibe, poti amadalira mabatire. Ndiye zigubu zadzazidwa padera, kuti thanki ikabooka kapena kuipitsidwa tisataye onse nthawi imodzi.

Za chakudya mungaseke. Katoni salowa m'boti, amati mumabisala mazira a mphemvu. Zitini timazimatula mapepala n'kulemba dzina pachivindikiro, apo ayi chinyezi chikamatula okha mudzatsegula mapichesi mukufuna nyemba. Mazira amafuna kuwatembenuza pakapita masiku angapo. Kabichi, anyezi ndi maungu zimapirira, tomato ayi. Ufa wanga ndauika m'mabotolo apulasitiki otseka bwino. Chitofu chake chimalendewera kuti mphika uzikhala chilili boti likapendekeka, koma kuvundula nsima dzanja lina litagwira chitsulo, tikaona konko.

Kaboti kopopa kopulumukirako kapita kokayesedwa. Tilinso ndi kachida kotchedwa EPIRB, kamene kakayatsidwa kamauza masetilaiti dzina la boti ndi pamene lili. Lamulo limene akaputeni sasekerera ndi la lamba: usiku aliyense wa pa ulonda amadzikoleka ku boti asanatuluke panja. Munthu akagwera m'madzi anzake ali mtulo, pofika kudzuka boti lapita kutali, ndipo mutu wa munthu suoneka pakati pa mafunde.

Ku St Helena doko lenileni la maboti ngati lathu kulibe. Timakaima kunja kwa tauni ya Jamestown, kaboti kena n'kumatitengera kumtunda. Kumeneko kuli masitepe 699 otchedwa Jacob's Ladder, ndiponso nyumba ya Longwood imene Napoleon, yemwe anali mfumu ya ku France, anamwaliriramo mu 1821. Ndikafika ndikutumizirani zithunzi.

Foni sidzagwira masiku onse a panyanja, ndiye mukawauze amayi asayambe kulira poona kuti ndangoti zii. Ndalama ya feteleza nditumiza tisananyamuke. Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ndine mbale wanu,
wa ku Cape Town