Kalata yopita ku Leeds: za Carole King ndi piyano yake

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo kuzizira kwa kumeneko sikunakufoole. Kuno tonse tadzuka bwino. Amayi ako ndinakumana nawo kutchalitchi, ali ndi mphamvu, kungoti akudandaula kuti foni zako zikumafupika.

Nkhani yoti wagula kiyibodi ndipo wayamba kupeka nyimbo zako yandisangalatsa. Koma pali mawu amodzi mu uthenga wako amene sindikugwirizana nawo. Ukuti sukufuna kuvutika ndi maphunziro a makodi (manotsi angapo oimbidwa pamodzi) chifukwa nyimbo yochokera pansi pa mtima siyifuna luso, imangotuluka yokha. Aise, pamenepo wanama. Ndikufuna ukamvere chimbale cha Carole King chotchedwa Tapestry, cha mu 1971. Anthu ambiri amachitchula ngati chitsanzo cha woyimba amene anangokhala pa piyano n'kukhuthula za kumtima, ndipo zimamvekadi choncho. Koma taona kumene mayiyu anachokera.

Anabadwa mu 1942 ku New York, n'kukulira ku Brooklyn, ndipo piyano anayamba ali kamwana. Ali ndi zaka 17 anakwatiwa ndi Gerry Goffin, ndipo awiriwa anayamba kupeka nyimbo ngati ntchito yolipidwa pa kampani ya Aldon Music, pa msewu wa Broadway. Goffin ankalemba mawu, Carole n'kumaika maimbidwe. Munali timazipinda ting'onoting'ono, kalikonse ndi piyano yake, ndipo m'kachipinda koyandikana nako munkakhala anzawo enanso akulimbirana oyimba omwewo. Nyimbo ikapanda kugwira munthu m'mphindi zitatu, inkatayidwa. M'menemo ndi mmene munachokera "Will You Love Me Tomorrow" ya a Shirelles, imene inafika pa nambala wani mu 1961, "The Loco-Motion" imene anaimbitsa Little Eva, mtsikana amene ankawalerera ana, "Up on the Roof" ya a Drifters, mpaka "A Natural Woman" ya Aretha Franklin mu 1967. Zaka pafupifupi khumi akupekera makosi a anthu ena. Ali ngati telala amene wasokera anthu zovala zaukwati zaka zonsezo, kenako tsiku lina n'kudzisokera yekha diresi wamba. Diresiyo ikamukhala bwino, usanene kuti ndi mwayi.

Banja lake ndi Goffin litatha mu 1968, anasamukira ku Laurel Canyon, ku Los Angeles, ndi ana ake awiri aakazi. Kuima pamaso pa anthu ankachita nako mantha, ndipo amene anamulimbikitsa kwambiri ndi James Taylor, yemwe Carole ankamuimbira piyano. Chimbale chake choyamba, Writer, cha mu 1970, sichinamveke kwenikweni. Tapestry anajambula mu Januwale 1971 ku A&M Studios ku Hollywood, n'kutuluka pa 10 Febuluwale, patangopita tsiku limodzi atakwanitsa zaka 29. Nthawi yomweyo Joni Mitchell ankajambula chimbale chake cha Blue m'situdiyo ina ya nyumba yomweyo, n'chifukwa chake anangodutsa khomo n'kudzathandizira nyimbo imodzi.

Nzeru yaikulu inali ya pulodyusa, Lou Adler. Iye ankadziwa matepi oyeserera amene Carole ankajambula kale, a piyano ndi mawu basi, ongosonyeza oyimba ena mmene nyimbo ikuyendera. Anthu a m'makampani a nyimbo ankawakonda matepiwo mpaka kumawasunga. Adler anaganiza kuti chimbale chizimveka chimodzimodzi: piyano patsogolo, mawu pafupi, zida zina zonse kumbuyo. Ngakhale chithunzi cha pachikuto chikunena zomwezo. Mayi wopanda nsapato wakhala pazenera kunyumba kwake, wagwira nsalu imene ankapeta yekha, mphaka wake ali chapafupi.

Mawu ake si a munthu amene angapambane mpikisano wa kuimba. Ndi osasa pang'ono, akakwera m'mwamba amamveka kuti akukakamira, nthawi zina amachita ngati athetheka. Mphunzitsi wa kwaya akanamubweza kuti akayesenso. Adler sanabise zimenezo, ndipo anachita bwino, chifukwa nyimbozo zinamangidwa molimba moti sizikusowa kosi lozikongoletsa. Woyimba wa mawu okoma kwambiri amatha kukunyenga ndi nyimbo yopanda kanthu. Uyu alibe pobisala. Ukamumva ukukhulupirira, chimene chakugwira ndi nyimboyo.

Uyambe ndi "Will You Love Me Tomorrow", koma umvere kaye ya a Shirelles. Imeneyo ndi yothamanga, ya mavayolini ndi ng'oma zovinitsa, mtsikana akufunsa mnyamata ngati kukacha adzamukondabe. Carole anaipeka ali ndi zaka 18. Pa Tapestry akuibwereza ali mayi wa ana awiri, mwamuna amene analemba mawuwo anasiyana naye. Waichedwetsa kwambiri, ng'oma zovinitsa zija wachotsa, ndipo James Taylor ndi Joni Mitchell akuyankhira chapansipansi. Funso lake ndi lomwe lija, koma wofunsayo wasintha. Mtsikana uja ankafunsa chifukwa sankadziwa yankho. Mayi uyu akufunsa ngati munthu amene anayankhidwapo kale, yankho lake silinali labwino, koma akufunsabe. Chimene chasintha tanthauzo ndi liwiro la nyimbo ndi malo amene akupumira pakati pa mizere. Kudziwa pamene uchedwe ndi pamene ukhale chete ndi luso lophunzira, ndipo popanda luso limenelo chisoni chakecho sichikanatifika ife.

Ya kuphunzirira zala zako ndi "It's Too Late". Mawu ake analemba ndi Toni Stern, mnzake wa ku Laurel Canyon. Mbali yaikulu ya vesi yakhala pa makodi awiri osinthana, Am7 ndi D6, ndipo ukhoza kuwagwira madzulo amodzi. Chovuta ndi kuwaimba mosathamanga, dzanja lamanzere likuyenda limodzi ndi besi ya Charles Larkey, amene pa nthawiyo anali mwamuna wake wachiwiri. Chimene ndimaikondera ndi chakuti ndi nyimbo ya chikondi chotha yopanda mfiti. Palibe wachinyengo, palibe wotembereredwa, palibe "udzandifuna". Mkazi wangoona kuti zinthu zafa pakati pawo ngakhale onse anayesetsa, ndipo akunena yekha kuti basi. Mu 1971 kumva mkazi akuthetsa yekha chibwenzi modekha chonchi pa wayilesi sichinali chinthu wamba. Ngakhale lero, tawerenga nyimbo za kusiyana zimene umazidziwa, uone kuti ndi zingati zopanda munthu woipa.

"You've Got a Friend" mwina unaimva kale m'mawu a James Taylor, chifukwa iyenso anaijambula chaka chomwecho ndipo yake ndi imene inafika pa nambala wani. Ine ndimakonda ya mwini wake. Umvetsere mmene vesi ikuyambira mu kiyi ya minor, m'mdima, ndipo pofika pa kolasi imatseguka kulowa mu major, ndendende pamene mawu akulonjeza kuti mnzako adzabwera ukamuitana. Makodi akulonjeza limodzi ndi pakamwa. Iwe amene unakulira m'kwaya uzindikira msanga kumene kaimbidwe ka piyano kameneka kanachokera. Carole ndi Myuda wa ku Brooklyn, koma zala zake zinaphunzira zambiri ku nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, ndipo pa "Way Over Yonder", mmene Merry Clayton akumuyankha, zimachita kuonekeratu.

"So Far Away" usaimvere Lamlungu madzulo uli wekha m'chipinda. Ikunena za anthu amene sakhalitsanso malo amodzi, ndipo chitoliro cha kumapeto kuja chikhoza kukugulitsa tikiti ya ndege imene ulibe ndalama yake.

Pomaliza chimbale anachita chinthu chimene munthu wanzeru akanamuletsa: kuimba "A Natural Woman" Aretha ataimba kale. Ndani angapikisane ndi Aretha? Carole sanayese n'komwe. Anachotsa malipenga, mavayolini ndi oyankhira, n'kutsala ndi piyano ndi besi. Ya Aretha imakudzutsa pampando, ya Carole imakhala nawe pampandopo. Ukapeza mpata uonere pa YouTube mwambo wa Kennedy Center Honors wa mu 2015, pamene Aretha anaimba nyimboyi pamaso pa Carole, Barack Obama akupukuta misozi. Uone nkhope ya Carole Aretha atakhala pa piyano. Akusangalala ngati wopeka amene nyimbo yake yafika pamene iye sangaifikitse, ndipo alibe nazo nsanje.

Sindikuti nyimbo zonse khumi ndi ziwiri n'zofanana. "Smackwater Jack", ya munthu wa mfuti wowombera anthu, ine ndimaidumpha. Ikumveka ngati inasochera kuchokera pa chimbale china. Nyimbo imene yapereka dzina la chimbale nayonso mawu ake ndi ophiphiritsa mopitirira, ndipo Carole amamveka bwino akamalankhula molunjika. Ndiye pali "Where You Lead", ya mkazi wolonjeza kutsatira mwamuna kulikonse kumene angapite. Mwini wakeyo anadzasiya kuiimba chifukwa uthengawo sunamukhalenso bwino, mpaka mu 2000 pamene anaijambulanso ndi mwana wake Louise Goffin, atasintha mawu kuti ikhale ya mayi ndi mwana, n'kukhala nyimbo yotsegulira sewero la pa TV la Gilmore Girls. Maimbidwe ake ndi okoma, koma ya pa chimbaleyo ndimaimvera ndi khutu limodzi.

Za kutchuka kwake n'zosachita kufotokoza zambiri. Chinakhala masabata 15 pa nambala wani ku America, ndipo mu 1972 chinam'patsa mphoto zinayi za Grammy, kuphatikizapo ya chimbale chopambana cha chaka ndi ya nyimbo yopekedwa bwino, imene palibe mkazi anali ataiwinapo payekha. Mu 2016, ali ndi zaka 74, anachiimba chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza ku Hyde Park, ku London, m'dziko lomwe ulilo.

Chimbale chonse sichikwana ndi mphindi 45 zomwe. Uchimvere mwa dongosolo lake, osati mosakaniza, chifukwa chimayamba ndi "I Feel the Earth Move", pamene akumenya piyano ngati ng'oma, kuti udziwiretu kuti mayiyu si wa nyimbo zoziziritsa zokhazokha. Ulendo wachiwiri usamvere mawu, utsatire dzanja lake lamanzere lokha. Ndipo chonde zimitsa timabatani ta ng'oma ndi besi zoimba zokha ta pa kiyibodi yakoyo. Timabisa zolakwa zonse, ndipo sudzadziwa ngati nyimbo yako ikuima payokha.

Ukatha kugwira "It's Too Late" mpaka pa kolasi osaima, undijambulire pa WhatsApp, pamodzi ndi nyimbo yako yatsopano ija imene ukundibisira. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo amayi ako uwaimbire foni yaitaliko sabata ino.

Ndine mnzako wa kalekale,
kuno ku Zomba