Chauncy Maples sanali kaputeni wa sitima

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe ndidamva pa wailesi ina Loweruka lapitali. Pa pulogalamu ya mafunso a ana asukulu, wofunsa adati: Chauncy Maples anali ndani? Mwana wina adayankha kuti anali kaputeni wa sitima ya pa nyanja. Wofunsayo adamupatsa mamalikisi onse, n'kuuza anzake amuombere m'manja. Mdzukulu wanga, yemwe ndidakhala naye pakhonde, adayamba kulemba yankholo m'kope mwake. Ndidachita kumulanda pensulo.

Kodi munthu amalandira malipiro pofunsa funso lomwe iye mwini yankho lake salidziwa? Nanga amene adalemba mafunsowo adalephera kufunsa ngakhale wansembe mmodzi wa Anglikani?

Maples anali bishopu. Adabadwa ku England mu 1852, adalowa mishoni ya mpingo wa Anglikani yotchedwa UMCA, adagwira ntchito ku Masasi ku Tanzania pakati pa anthu omwe adawomboledwa mu ukapolo, kenako mu 1886 adafika pa chilumba cha Likoma. Chiyao adachiphunzira mpaka kulemba buku la mawu ake. Mu 1895 adamudzoza ku London kukhala bishopu wa Likoma, koma pa mpando wakewo sadakhalepo. Akubwerera, mu September chaka chomwecho, namondwe adagubuduza boti lawo pa nyanja yathuyi. Oyendetsa botilo adasambira n'kufika pamtunda, iye ndi mnzake Joseph Williams adamira. Akuti mkanjo womwe adavala udalemera ndi madzi. Manda ake ali kuno ku Nkhotakota, pa tchalitchi cha All Saints, ndipo ife timawaona tikapita kokapemphera.

Sitima yomwe idapatsidwa dzina lake ija adaikonza ku Glasgow, adabwera nayo zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, makolo athu n'kusenza zitsulozo pamutu pomwe mathithi adatseka njira. Idayamba kuyenda mu 1901, mwini dzina atagona kale zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye akadaiyendetsa bwanji munthu ali m'manda?

Chikundiwawa n'chakuti ana athu amatchula osewera mpira a ku England mpaka amene akhala pa benchi, koma afunseni za William Johnson, mnzake wa Maples, yemwe adatha moyo wake akuyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi mpaka imfa yake mu 1928, angokuyang'anani. Afunseni za Bishopu Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, kuli zii. Ambuye mabishopu athu, mukumva zimenezi? A Unduna wa Zamaphunziro, mbiri ya kunyanja idalakwanji kuti izisowa m'kamwa mwa ana?

Wailesiyo ikonze yankho pa pulogalamu yomweyo Loweruka likudzali, ana omwe adalemba bodza afufute. Dayosizi nayo isindikize kabuku ka Chichewa kotchipa, kagawidwe m'sukulu za mpingo.

Gogo wokhumudwa,
Nkhotakota