Zikomo a INFANT ku Cork, munaona zimene maso athu sanaone

Olemekezeka Pulofesa Geraldine Boylan ndi anzanu nonse a INFANT, malo ofufuza za umoyo wa amayi ndi ana pa University College Cork,

Ndine Mmalawi wokhala kuno ku Ireland. Kalatayi ndailemba m'Chichewa dala kuti achibale kumudzi, amene anatipempherera usiku ndi usana, adziwe amene tikuwathokoza.

Mwana wathu wamkazi anabadwa mu 2016 osalira. Mpweya unamuperewera pobadwa. Maola 6 asanakwane anali atamugoneka pa kamphasa kozizira, thupi lake alitsitsa kufika pa madigiri 33.5, ndipo anakhala choncho maola 72 kuti ubongo usapitirire kuwonongeka. Kumutu anamumata timawaya ta EEG, makina olemba mizere yoonetsa mmene ubongo ukugwirira ntchito. Amayi ake atagwira kaphazi kake kanali zii ngati madzi a mumtsuko, misozi chuu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti khanda likhoza kumakomoka osagwedeza ngakhale chala. Kwathu tikamati mwana wakomoka, timaona akuphiriphitha, maso atatembenuka. Makanda ambiri satero. Amangogona phee, vuto lili m'kati mwa ubongo, ndipo katswiri wowerenga mizere ya EEG sapezeka pafupi ola lililonse.

Atatipempha kuti mwana alowe m'kafukufuku wa ANSeR, woyesa pulogalamu ya pakompyuta yozindikira kukomoka kwa makanda pa mizere ya EEG, ndinazengereza, mwana wanga asakhale choyeserapo. Namwino anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti pulogalamu imeneyi ya AI (nzeru zopangidwa pa kompyuta) munaiphunzitsa ndi mizere ya makanda ena yomwe akatswiri anailemba zizindikiro, ndipo imangochenjeza. Wolamula mankhwala ndi dokotala. Ndinasaina. Usiku wachiwiri, cha m'ma 3 koloko, makinawo analira mwana ali duu. Adokotala anabwera, anayang'ana mizereyo, n'kumupatsa mankhwala oletsa kukomoka otchedwa phenobarbital.

Zotsatira zanu za mu 2020 ndinaziwerenga. Makanda 264, zipatala 8 za ku Ireland, Netherlands, Sweden ndi UK. Simunabise kuti pulogalamuyo sinachulukitse makanda opezeka ndi vutoli, koma inathandiza kuzindikira maola ambiri amene akukomoka. Chilungamo chimenechi ndi chomwe chinandichititsa kukukhulupirirani kwambiri.

Pano mtsikanayo ali pasukulu, amapalasa njinga, dzanja lamanzere ndilo limachedwerako pomanga nsapato. Ndikamuona ndimakumbukira makanda a ku Chatinkha, pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Chonde, pamene mukupititsa ntchitoyi patsogolo, awonso muwaganizire.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine wanu,
Bambo wa mmodzi mwa makanda 264 aja